Transducer ndili nayo, koma ndiimangirire pati?

Ndatopa nazo, abale. Sonar yoona kutsogolo, chipangizo cha pa boti choonetsa nsomba za m'madzi pa sikirini, ndinagula bwinobwino, koma ino ndi sabata yachitatu ndikulimbana ndi pomangirira transducer yake, diso lake lija lolowa m'madzi.

Ndinayamba ndi kuimanga pa chitsulo cha trolling motor, kainjini kamagetsi koyendetsa boti pang'onopang'ono, monga amachitira ambiri. Ukangolamula injiniyo kuti igwire boti pamalo amodzi ndi GPS, imayamba kutembenukira uku ndi uku polimbana ndi mphepo, transducer nayo n'kumapita komweko. Tsiku lina ndinaona chinsomba pa sikirini, mamita 15 kutsogolo, chikutsata nyambo yanga pang'onopang'ono. Kamphepo kanangowomba, injini n'kukhota, chinsomba chija zii! Diso la chipangizochi n'lopapatiza, madigiri pafupifupi 20 m'mbali, ndiye ukaphonya pang'ono palibe chimene uone. Mtima unandiwawa kwambiri.

Ndinasamutsira pa chitsulo chakechake m'mbali mwa boti. Kodi manja ndili nawo angati? Lina lagwira ndodo, lina likukulunga chingwe, nanga lotembenuzira chitsulocho ndilitenge kuti? Mafunde akakula chimanjenjemera, chithunzi n'kumangovinavina. Ukaiwala kuchikweza usanathamangitse boti, chapindika. Waya naye amapotokola ndi kupanika pa bulaketi yomangirira chitsulocho ku boti mpaka khungu lake kusupuka.

Nanga opanga mabulaketiwa anayamba awedzapo kunja kuli mphepo? Bwanji ena saikapo ngakhale kamuvi koonetsa komwe transducer yaloza? Usiku watha ndinachita kujambula ndekha ndi penti pa chogwirira, ndipo mawa ndikukamasulanso mabawuti onse anayi a bulaketiyo.