Mwana wa mapazi opindika musamusunge kunyumba

Ndapsa mtima, sindibisa. Dzulo m'minibasi yochokera ku Limbe ndinakhala pafupi ndi mayi wina atanyamula khanda la miyezi iwiri, timapazi tonse tiwiri titapindikira mkati. Nditamufunsa zakuchipatala, anati agogo ake a mwanayo aletsa, akuti madokotala akamung'amba miyendo, bola ayambe wakula. Akule kaye? Abale inu!

Zong'amba phazi lonse zija n'zakale. Inde, ankachita opaleshoni yaikulu, ndipo ana ambiri ankakula ndi mapazi ouma, opweteka. Madokotala eni akewo anaona kuti sizikuyenda, anasintha. Dokotala Ignacio Ponseti wa ku Iowa, ku America, kale m'zaka za m'ma 1950 anali akuwongola mapazi otere ndi manja. Amapinda phazi pang'ono kulibwezera m'malo, n'kumanga chikhakha kuyambira kuzala mpaka pantchafu. Sabata ikatha amachotsa, kuwongolanso pang'ono, kumanga china. Zikhakha 5 kapena 6. Kenako ana ambiri amangowadula kamtsempha ka kuchitendene, kabala kake kochepa kuposa chikhadabo, n'kumanga chikhakha chomaliza cha masabata atatu. Mpeni umene agogo akuuopawo ndi umenewu basi.

Ndipo sizofunika ndege. Ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre amachita zimenezi, m'zipatala zambiri za m'maboma amachitanso.

M'mera mpoyamba. Mafupa a khanda ngofewa, amamvera dzanja. Mukamusunga mpaka ayambe kuyendera m'mbali mwa phazi, khungu litachita zikang'a, pamenepo ndiye opaleshoni yaikulu ija ikhoza kufunikadi. Mwamuthawitsa chikhakha n'kumuperekeza nokha kumpeni. Kudikira si chifundo, kudikira n'kumulemaza mwana ndi manja anu. Mantha, ndalama ya thiransipoti, nkhani za ufiti, zonsezo ndikuzidziwa, koma sizingawongole phazi. Mtengeni mwana mupite naye akadali wakhanda. Lero, osati akakula.

Enanso ndi inu amene zikhakha zikatha mumaponya pansi pa bedi tinsapato tolumikizidwa ndi kachitsulo timene achipatala amakupatsani kuti mwana azivala, ati mwana akulira usiku. Alira masiku ochepa n'kuzolowera. Miyezi itatu yoyamba azivala usana ndi usiku, kenako pogona mpaka zaka 4 kapena 5, apo ayi phazi libwerera.

Nanga abambo amene mukangoona mapaziwo mumati "kumtundu kwathu kulibe zotere" n'kumusiya mayi azikwera yekha minibasi sabata iliyonse, chikhakha kumsana? Manyazi mulibe?