Mwana si chikwangwani cha bungwe lanu

Ndakwiya, ndipo sindikhala chete. Lero pa Facebook ndaona bungwe lina lothandiza ana oleredwa m'mabanja a anthu ena litaponya zithunzi za ana. Nkhope zili poyera, mayina alemba, kenako pansi pake aulula zonse: uyu mayi ake anamwalira ndi matenda akuti, uyu bambo ake ali kundende, uyu anachita kumutola. Kamtsikana kena kakumbatira chikwama cha sukulu chomwe angokapatsa kumene, maso kazyolika, ndipo dzanja la munthu wamkulu lili pachibwano pake kukadzutsa mutu kuti kayang'ane kamera. Dzanja limenelo landiwawitsa mtima.

Ndiye kuti chikwama chimodzi mwagula nacho mbiri yonse ya mwana? Mwamupatsa makope, inu mwatenga ulemu wake. Kumeneko si kuthandiza ayi, ndi malonda, ndipo amene waluza pa malondawo ndi mwanayo.

Ati opereka ndalama amafuna umboni. Ndamva. Atumizireni malisiti ndi malipoti, nkhope ya mwana muisiye.

Mwana ameneyu akula. Pa intaneti chinthu sichifufutika, wina wasunga kale chithunzicho mufoni yake. Mawa anzake a m'kalasi achiona, ayamba kumunena kuti ndi wotoledwa. Adzafika pofuna ntchito, pofuna banja, nkhani ya bambo ake a kundende izidzamutsatabe. Nkhani imeneyo ndi yake. Ndi iyeyo woyenera kusankha woti amuuze, ndi tsiku loti anene. Inu mwamulanda mwayi umenewo ali wamng'ono, asanadziwe n'komwe kuti akulandidwa.

Musandiuze kuti anavomera. Mwana amene walandira chikwama m'manja mwanu angakukanireni bwanji? Mayi womulera, amene akudikira thandizo la mwezi wamawa kuchokera kwa inu nomwe, angatsegule pakamwa n'kunena kuti musajambule? Amangomwetulira chifukwa akuopa kufufutidwa m'kaundula. Kuvomera kwa munthu wamantha si kuvomera.

Izi sindikungozitola. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989 ndipo pafupifupi mayiko onse anavomereza, mu gawo 16 limateteza moyo wachinsinsi wa mwana ndi mbiri yake. Gawo 20 limati mwana amene sangathe kukhala ndi banja lake ayenera kutetezedwa mwapadera. Mwapadera! Bungwe lomwe ntchito yake ndi ana likuyenera kudziwa zimenezi kuposa ine.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wako ungamuimike choncho? Ungalembe matenda a mkazi wako pansi pa chithunzi cha mwana wako kuti anthu asindikize timitima? Ngati wako sungamutero, wa mnzako ukumuchitiranji zimenezi?

Alipo mabungwe amene amagwira ntchito yabwino, ndimawalemekeza kwambiri. Amayendera mwana kunyumba komwe akuleredwa, amakhala pansi ndi mayi womulera kumva zomwe zikuvuta, amafufuza ngati achibale ake enieni angamutengenso, amaonetsetsa kuti abale a mimba imodzi asalekanitsidwe. Ntchito imeneyo ilibe chithunzi chokongola, koma ndiyo imasintha moyo wa mwana. Iwowa akukwanitsa popanda kuyalutsa aliyense. Enanu chikukuvutani n'chiyani?

Ndipo khalidwe lomweli mumalichitanso kwa akuluakulu aulumali. Bambo wa imvi zake, wa ana ake, mumamukhazika pa njinga ya anthu aulumali kutsogolo kwa gulu, inu mwaima kumbuyo mwandanda mano onse pamtunda. Pofunsa mafunso mumafunsa wachibale amene wamuperekeza, "Kodi akumva bwanji?" pomwe mwiniwake ali pompo, makutu ndi pakamwa zili bwinobwino. Mufunseni yekha! Pangano la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006 limanena za ulemu wa munthu ndi ufulu wake wodzisankhira yekha zochita. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi imodzi ya pamsewu, sitiroko imodzi, ndinu amene mudzakhale pa njinga imeneyo anthu akukujambulani.

Njingayonso nthawi zina mumangopereka osamuyeza munthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 80 miliyoni padziko lonse amafunika njinga zotere, ndipo limanenetsa kuti njinga iyenera kugwirizana ndi thupi la munthu komanso malo amene amayendamo. Yosakwana bwino, yopanda khushoni yoyenera, imatulutsa zilonda pamalo okhalira, zilonda zovuta kupola zomwe zimatha kupha munthu. Tayala likaphulika, buleki ikathyoka, foni yanu siyankhidwa. Pa tsiku lojambula munabwera ndi galimoto zingati?