Tsache lisakhale chilango ngati tikufuna ana achifundo

Tonsefe timafuna ana achifundo. Ahedi amanena pa asembule, ku Sande sukulu ndi ku madrasa amanena, m'buku la Life Skills zilimonso. Koma taonani zimene timachita. Mwana akachedwa timamupatsa tsache. Akalongolola m'kalasi monitala amalemba dzina, ndipo poweruka amakakolopa, kutchetcha udzu kapena kutsuka zimbudzi anzake akumuseka. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 8, mwanayo amaphunzira kuti ntchito yothandiza gulu ndi ya munthu wolakwa. Ndiye tidabwe chiyani akamachita manyazi kunyamulira mnzake chidebe cha madzi?

Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu adadzaza, ndipo m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amaima kutsogolo kwa ana opitirira 100, ena atakhala pansi, ena pansi pa mtengo. Munthu ameneyo sangaone zonse. Amene amaona kuti uyu lero sakuyankhula, uyu wabwera wopanda kope, uyu akunjenjemera ndi malungo, ndi mwana mnzake amene wakhala naye pafupi. N'chifukwa chake ndimati chifundo cha ana okhaokha si chokongoletsera, ndi chimene chimasunga ena pasukulu.

Tengani mwana wachialubino. Maso ake saona bwino patali, ndipo akakhala kumbuyo bolodi amangoliona mbuu. Mnzake akamusiyira malo kutsogolo, kapena kumunong'oneza zimene zalembedwa, kapena kumubwereka kope kuti akopere pa buleki, mwanayo amakhoza ngati wina aliyense. Ndipo titakumbukira nkhanza zimene abale athuwa akhala akukumana nazo m'dziko muno, kuyenda naye limodzi popita ndi pobwera kusukulu si chinthu chaching'ono. Ana aphunzirenso kumuitana ndi dzina lake, osati mayina achipongwe aja amene amawamva kwa ife akuluakulu.

Nanga wa khunyu? Akagwa, ana amabalalika chifukwa kunyumba adauzidwa kuti matendawa amapatsirana. Si zoona, khunyu sapatsirana. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kuphunzira kuchotsa miyala ndi madesiki pafupi, kuika juzi pansi pa mutu wa mnzakeyo, kumugoneka cham'mbali kuphuphako kukatha, osamulowetsa supuni kapena chala m'kamwa, wina n'kuthamangira kukaitana aphunzitsi. Akadzuka, pasakhale gulu lomuyang'anitsitsa. Pakhale mmodzi womusasa fumbi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha atsikana. Mtsikana waimirira kuti ayankhe funso, diresi laonongeka kumbuyo, anyamata ayamba kukuwa. Alipo amene amajomba masiku angapo chifukwa cha tsiku limodzi lotere, ena osabwereranso. Amayi a mother group, gulu la amayi lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu, amayesetsa, koma sakhala m'kalasi nthawi imeneyo. Amene alipo ndi mnzake amene angavule juzi n'kumumangirira m'chiuno mwakachetechete, ndi mnyamata amene angauze anzake kuti, "Amwene, zisiyeni zimenezo." Mnyamata wotero sabadwa choncho, amachita kuuzidwa ndi bambo ake kapena malume ake.

Makolo, nafenso tili ndi gawo. Mwana akafika timafunsa kuti wakhoza zingati, wakhala nambala chani. Ndi angati amene timafunsa kuti wathandiza ndani lero? Ena timachita kulangiza kuti usabwereke munthu cholembera. Ndikumvetsa, zinthu zadula ndipo cholembera chikatayika ndi ndalama. Komatu zambiri sizilira ndalama. M'sukulu zolandira phala, monga la Mary's Meals amene adayamba ntchito yawo kuno ku Malawi mu 2002, mwana woiwala kapu akhoza kukhala ndi njala pomwe mnzake akadangotsuka yake n'kumubwereka. Wamkulu wa Sitandade 7 akhoza kugwira dzanja kamwana ka Sitandade 1 powoloka msewu kapena mtsinje nthawi ya dzinja. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana athu azimva zimenezi kuchokera pakamwa pathu.

Pempho langa kwa makomiti a sukulu ndi a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi) ndi ili. Kusesa ndi kukolopa kukhale kwa aliyense mosinthana, mwana wa ahedi ndi mwana wa mlonda chimodzimodzi, nthawi zina aphunzitsi nawo agwireko tsache ana akuona. Wolakwa apatsidwe chilango china chogwirizana ndi cholakwa chake: wang'amba buku la mnzake alimate, watukwana apepese pamaso pa amene wamutukwana. Ndipo monitala amene amalemba olongolola apatsidwenso tsamba lachiwiri, lolemba amene wawaona akuthandiza anzawo. Lachisanu aphunzitsi awerenge mayinawo, popanda mphatso, chifukwa mukaikapo masiwiti ana ayamba kuchitira dala pamaso pa monitala. Koma dzina la wothandizidwayo lisatchulidwe. Mwana amene adabwerekedwa kapu kapena kumangiridwa juzi safunika kuti sukulu yonse idziwe.