Lekani kunena kuti London ndi Paris ndi ola limodzi

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. Loweruka ukwati wa mwana wa achemwali anga unachitika ku Paris, ine ndafika mkwati ndi mkwatibwi atavekana kale mphete, anthu akujambulitsa panja pa tchalitchi. Chifukwa chake? Mlamu wanga wina anandiuza motsimikiza kuti, "Alamu musavutike kukagona konko, kwerani ndege ya m'mawa, London ndi Paris ndi ola limodzi basi."

Ola limodzi lake liti?

Ndinatseka chitseko cha nyumba yanga ku London 6 koloko m'mawa, kunja kudakali mdima, suti ili m'thumba lake paphewa. Sitima mpaka ku bwalo la ndege la Gatwick, komwe ndi makilomita oposa 40 kuchokera m'tauni. Kumeneko umayenera kufika kudakali maola awiri. Vula lamba, tulutsa zam'thumba, dikira pageti. Ndege inanyamuka 9:30, m'mwamba tinakhalamo ola ndi mphindi 15, apo zoona. Koma France ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye tikutera pa Charles de Gaulle wotchi ikuti 11:45. Kenako mzere wa mapasipoti, poti UK sili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya omwe anthu amadutsa malire awo osaonetsa pasipoti. Kenako sitima ya RER B kulowa m'tauni, makilomita ena ngati 25, ndi kusinthanso sitima yapansi. Ukwati unayamba 1 koloko, ine ndafika 2 koloko thukuta lili kamukamu. Werengani nokha. Maola 7 chichokereni pakhomo panga.

Maola 7 anthu inu, si ola limodzi! Ola limodzilo ndi la ndege, si la munthu. Munthu sakhala pabwalo la ndege, ndiponso ukwati suchitikira pomwe ndege yatera. Ulendo umayambira pakhomo pako n'kukathera pakhomo pa komwe ukupita, zina zonsezo ndi kunamizana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina anthu amangoona nambala yomwe ili pa tikiti n'kumaibwereza, kaya. Koma ngati sunayendepo, bwanji osangokhala chete? Mwanayu ndinamubereka kumsana ali khanda, ndipo malumbiro ake sindinawamve. Zimenezi palibe angandibwezere.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita ngati 340 okha, kusiyana pang'ono ndi Lilongwe ndi Blantyre. Ndipo sitima ilipo! Eurostar imanyamuka pa St Pancras, pakati penipeni pa London, kudutsa pansi pa nyanja mumsewu womwe anautsegula mu 1994, n'kukakutula pa Gare du Nord m'kati mwa Paris patatha maola awiri ndi mphindi ngati 20. Anthu amaiona ngati yochedwa chifukwa ayerekeza maola awiri ndi ola limodzi labodza lija. Ndikanakwera imeneyo bwenzi ndili pa benchi yakutsogolo pambali pa achemwali anga.

Nanga za "tikiti yotchipa" ija? Mlamu yemweyo anati ndege n'njotsika mtengo. Nditawonjezera ya chikwama chomwe munali mphatso, ya sitima ya ku Gatwick ndi ya RER, kutchipa kwake sindinakuone. Mpaka lero sanandiimbire n'komwe foni.