Kanyumba ka ku Chilenje kandichititsa manyazi ndi Lilongwe wathu

Sindikonda kuwayamikira anthu a ku Zambia, amatukumuka msanga. Koma pa nkhani yosunga mbiri atisiya kutali, ndipo zikundiwawa.

Mwezi watha ndinali ku Lusaka ku ukwati wa kuchikazi. Zaukwati zitatha alamu anga ananditengera ku Chilenje kuti ndikaone nyumba nambala 394. Ndinkaganiza kuti ndikapeza chinyumba chosanja. Ayi ndithu, ndi kanyumba ka m'komboni, kosasiyana ndi nyumba zakale zija za ku Kawale. Ndimo ankakhala Kenneth Kaunda kuyambira 1960 mpaka 1962, nthawi imene chipani cha UNIP chinali pa kalikiliki wothamangitsa atsamunda. Mkati asungamo mipando ndi ziwiya zimene banjali linkagwiritsa ntchito, panja pali Land Rover yakale imene mkuluyu ankayendera pochititsa misonkhano. Zonse zalembedwa, munthu ukungowerenga wekha. Tinapezako ana asukulu atafola mzere, aphunzitsi awo akuwaloza chipinda chimene ankagona munthu amene anadzalamulira dziko zaka 27. Chondipweteka n'chakuti bambo ake a Kaunda, a David Kaunda, anachokera kwathu konkuno, anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ku Chinsali. Mwana wa Mmalawi, koma osunga mbale zake ndi ena.

Pobwerera alamuwo ananditsatira, akuti akufuna kuona zathu. Ndinawatengera ku manda a Kamuzu ku City Centre, ndinawawerengera ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kuchoka apo tinapita pa chipilala cha asilikali ku Area 18, chokumbukira amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija. Kutsogolo kwake waima ndani? Kamuzu, litchowa lili m'manja. Alamu anayang'ana, n'kundifunsa m'Chinyanja chawo chopindika chija: "Manje ba mulamu, kuno mbiri yonse ni Kamuzu chabe?"

Ndinayesa kukana, koma taganizani. Bwalo la ndege ndi Kamuzu. Chipatala chachikulu ndi Kamuzu. Damu la madzi amene timamwa, baraki ya asilikali, nyumba ya boma, msewu wodutsa pakati pa tauni, zonsezo Kamuzu. Mlendo akhoza kuganiza kuti Ngwazi inapeza thengo lokhalokha, anthu inachita kubwera nawo m'sutikesi kuchokera ku London.

Musandimve molakwa. Mkuluyu akuyenera ulemu wake, ndi amene anasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo manda ake amene anatsegulidwa mu 2006 ndi okongola zedi. Pamenepa a Zambia asatinamize. Ku Embassy Park kumene anaika Mwanawasa, Chiluba, Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda ndi pabwino, inde, koma anthu omwewa ndi amene anafika pokokana kukhoti ku Pretoria chifukwa cha thupi la Edgar Lungu. Ife maliro a mtsogoleri sitinawafikitsepo pamenepo. Komanso tili ndi Chongoni ku Dedza, malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawavomereza mu 2006. Alamu nditawauza zimenezi anangoti duu.

Koma funso lawo likundisowetsabe mtendere, chifukwa Lilongwe ili ndi mbiri yoti ikanadzaza zikwangwani mpaka ku Mchinji. Ku Dzalanyama kuli Kaphirintiwa, kumene makolo athu Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira kuchokera kumwamba n'kusiya mapazi pathanthwe. Kufupi komweko kuli Msinja, kumene kunali kachisi wa mvula wa Makewana, mayi amene mafumu ankamutumizira nsembe chilala chikavuta. Phiri la Bunda nalonso linali lopempherapo mvula. Tsono dutsani msewu wa ku Likuni muwerenge zikwangwani: mapuloti ogulitsa, ngongole zachangu, sukulu za mkaka, asing'anga obweza mwamuna wothawa. Cholozera ku Msinja ine sindinachionepo. Funsani mwana wa Fomu 4 wa ku Chinsapo kuti Makewana anali ndani, akuyankhani kuti mwina ndi woimba.

Zaposachedwa nazo n'chimodzimodzi. Pa 6 April 1992 Chakufwa Chihana anatsika ndege kuno ku Lilongwe kuti anene poyera zofuna zipani zambiri, apolisi anamumanga pomwepo pabwalo. Chaka chotsatira, pa 14 June, tinavota pa riferendamu, ndipo mu December asilikali analanda zida za Apayoniya mumzinda muno pa Operation Bwezani. Amene anali ku Lilongwe masiku amenewo amakumbukira kulira kwa mfuti. Ana awo akudutsa malo omwewo pa kabaza osadziwa kanthu.

Pamene anzathu a ku Zambia akusunga ngakhale chipilala cha mdani. M'mbali mwa msewu wa Mpika kupita ku Kasama, pa mtsinje wa Chambeshi, pali mwala wokumbukira pamene mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anauzidwa pa 14 November 1918 kuti nkhondo yatha ku Ulaya. Ku Kabwe mtengo wa mkuyu wa pakati pa tauni ndi chipilala cha dziko. Mtengo! A ku Mozambique nawo angomwaza Samora Machel, mtsogoleri wawo woyamba, paliponse, amenewo matenda awo ndi athu omwewa.

Ndikudziwa ena muyankha kuti chitsulo chikaikidwa lero, mawa chili pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Zoona, manja athu ndi oyabwa. Ndiye tiumbe cha simenti. Anyamata oumba ziliza ali mbwee m'misewu ya mumzinda muno, amalemba dzina, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi vesi yomwe. Mwala wa Chihana pa bwalo la ndege ndi cholozera cha ku Msinja angathe kuzimaliza sabata isanathe, ndipo mtengo wake sungafike pa alawansi ya msonkhano umodzi wa ku Salima wokambirana zokopa alendo.