Mvula sinachepe, nthaka yathu ndiyo yasiya kumwa

Dzulo pa mjigo ndinapeza mzere wa ndowa mpaka kumsewu. Amayi akupopa mpaka thukuta, madzi akungodontha. Gogo wina nkuti, "Mvula ya masiku ano njochepa, mwanawe." Sindinawatsutse pagulu, ndi akuluakulu. Koma pano ndilankhula.

Mvula yochepa kuno ku Mulanje? Kuno komwe chiperoni chimatinyowetsa ngakhale mu Juni? Mu Febuluwale Ruo, Lichenya ndi Thuchila zimadzaza mpaka kulumpha milatho, madzi ake ofiira ngati thobwa la mawere. Pofika Okutobala zitsime zaphwa. Kwa ine awa si mavuto awiri ayi. Madzi amene amakazunza abale athu ku Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire, ndi omwewo amene amayenera kulowa pansi kuno nkumatuluka pang'onopang'ono pa kasupe chilimwe chonse.

Chaka chatha ndinachita kamasewera kena. Ndinatenga chitini, nkuchotsa kunsi kwake, nkuchikhomera m'nthaka pang'ono, nkuthiramo kapu imodzi ya madzi. Pansi pa mtengo wa mango pamene pamaunjikana masamba owola, madzi analowa ndisanamalize nkuwerama komwe. M'munda mwa alamu anga, momwe amasiya mapesi ndi masamba a nandolo, analowanso osavuta. M'munda mwanga, mwa ine katswiri wotentha mapesi chaka chilichonse, madzi anangokhala duu. Ndinayankha mauthenga awiri pa WhatsApp, nkubwerera, akadali pomwepo kundiyang'ana. Manyazi anandigwira ndili ndekha.

Dothi ndi limodzimodzi, katondo wofiira yemweyu. Kusiyana kwake nkwakuti la pansi pa mango lili ndi timibulu, mizu yowola, mauna a nyongolotsi ndi a chiswe. Amenewo ndiwo makomo a madzi. Pa dothi lamaliseche, dontho la mvula limamenya mwamphamvu, nkuswa timibulu tija, fumbi lake nkutseka timabowo tonse. Dzuwa likawomba pamwamba pamauma ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Mvula yachiwiri ikabwera imangotsetsereka, itanyamula dothi ndi feteleza yemwe munamupeza movutikira uja.

Pali chinanso chomwe ambiri sitichiona chifukwa chili pansi. Khasu lathu limalekeza pamodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo m'khwawa mwa mizere ndi momwe timaponda popalira ndi pobandira. Kumbani pansi pa mzere, mupeza dothi logwirana ngati njerwa. Zulani phesi muone mizu yake, yapindika kulowera m'mbali. Ngati muzu walephera, madzi adutsa bwanji? Ndichifukwa chake nandolo ndimamupatsa ulemu: muzu wake umaboola pamenepo. Anthu a kuno timamudzala chifukwa cha ndiwo ndi ka ndalama, osadziwa kuti akutikumbira njira ya madzi ulele.

Ndisanamize anthu. Mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 palibe nthaka imene ikanaimwa yonse, monganso napolo wa ku Phalombe mu 1991. Dothi la pa mtsetse likakhuta madzi limatha kugumuka lonse ndi miyala yomwe. Komanso phiri lathuli mbali yaikulu ndi thanthwe, kuchokera ku Sapitwa pa mamita 3,002 madzi amatsika ndi liwiro. Koma ndiye chifukwa chake nkhalango ya m'munsi mwake inali yofunika, inali ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko. Tasandutsa makala ndi matabwa, mkungudza nawo watha. Phiri la Thyolo amene analiona kale akhoza kukuuzani momwe lametedwera.

Tsono amene amalemba pa Facebook ali m'tauni kuti "anthu akumudzi ndi osamva" amanditopetsa. Yendani kuchokera ku Thyolo boma kudzera ku Luchenza kufika ku Chitakale muone amene ali pa malo abwino ndani. Ndi tiyi. Ndipo kunena zoona, m'munda wa tiyi madzi amalowa bwino, chifukwa nthaka njophimbika chaka chonse ndipo nthambi zothenedwa zimawolera pomwepo. Koma munthu wa ana asanu amene watsala ndi kachigawo kosakwana ekala mukuti alime kuti? Akwera phiri, kapena atsikira m'mphepete mwa mtsinje. Makala amene mukuphikira ku Limbe nawonso sachokera kumwamba.

Chomwe sindingakhululukire, kuyambira ine mwini, ndi zimene tingathe popanda ndalama. Mizere yotsetsereka ndi phiri chifukwa choti ndiyo yosapweteka msana. Kutentha tchire lonse posaka mbewa zosadzaza mbale. Alangizi akhala akuimba nyimbo ya akalozera (mizere yopingasa mtsetse yolondolera mizere ina), udzu wa vetiva ndi ngonyeka (timizere totseka madzi m'khwawa mwa mizere) kuyambira tili ana, ife nkumangovomera pa msonkhano podikira fanta.

Chaka chino mapesi anga sindinatenthe. Aneba akundiseka kuti ndikuweta chiswe, ndipo mayi a kunyumba akuti munda ukuoneka ngati wa munthu wodwala. Chitini chija ndachisunga pa tsindwi la khitchini. Wofuna abwere adzabwereke, koma akayambe kuyesa m'munda mwake, osati mwa apongozi.