Ndinapereka umboni kuti ndachira, lero ndikumwanso makapisozi

Uthengawu ndaulemba n'kuufufuta kokwana kanayi. Lero ndati basi, upite. Amene munalipo m'tchalitchi tsiku lija ndinaima kutsogolo n'kunena kuti matenda anga a mantha atheratu, inu mukhale oyamba kumva: abwereranso, ndipo ndayambiranso mankhwala.

Mawu oti nkhawa amasokoneza, ndiye ndifotokoze kaye. Munthu akamva nkhawa amaganiza za lendi, fizi ya ana, mtengo wa thumba la chimanga. Zimenezo tonse tili nazo. Izi n'zina. Umangokhala bwinobwino, mwina ukusadzula ndiwo, mwadzidzidzi mtima n'kuyamba kugunda ngati ukufuna kutulukira pakhosi. Mpweya osakwana. Thukuta lozizira kumsana, dzanzi m'zala ndi m'milomo, miyendo zii, ndipo m'mutu mwako mulibenso chikayiko kuti ukufa pompano. Mkati mwa mphindi 10 zimafika pachimake, kenako zimatsika pang'onopang'ono n'kukusiya uli wefuwefu ngati wapalira munda wonse wekha. Achipatala amati panic attack. Kunyumba kwathu ana amangoti, “Amami zawayamba zija.”

Ine zinandiyamba mu 2021, nthawi ya Covid, pamene munthu aliyense wobanika tinkamuganizira chinthu chimodzi. Covid ndinayezetsa kawiri, malungo sindiwerenga n'komwe. BP inali bwino, shuga bwino, magazi okwanira. Anandimata timawaya pachifuwa kuti aone mtima, nawo anati ulibe vuto. Anayezanso chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mopyola muyeso chimathamangitsa mtima chimodzimodzi. Buku langa lakuchipatala linadzaza ndi zolemba za anthu osiyanasiyana, mpaka dokotala wina wachinyamata analitseka, n'kundiyang'ana, n'kufunsa, “Mayi, zikakuyambani mumakhala mukuopa chiyani?” Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinangoyamba kulira.

Atanditumiza ku gawo loona za matenda a maganizo ndinakhala masabata awiri osapitako. Ife tikamva zimenezi m'mutu mumangobwera Zomba, munthu womangidwa zingwe akukwezedwa galimoto. Pamene muno mu Lilongwe momwemuno chithandizo chilipo, ku Bwaila kuli gawo lake, ku Area 43 kuli a St John of God, ndipo ambiri amene amapita kumeneko amafika okha pa minibasi, kuonana ndi dokotala, n'kubwerera kuntchito. Kumene ndimapita ine sindikutchula, koma pabenchipo timakhala aphunzitsi, ogulitsa kaunjika ku Tsoka, madalaivala, ana asukulu, aliyense ataweramira foni kuopa kukumana maso ndi womudziwa.

Anandipatsa fluoxetine, kapisozi imodzi ya 20mg m'mawa uliwonse. Ndinachira. Pofika 2023 ndinkakwera minibasi ya ku Area 25 n'kukhala mpando wakumbuyo kwenikweni osaganizako kanthu, ndinkagona tulo, ndinanenepako mpaka anthu kumandifunsa ngati ndili ndi pakati. Ndiye ndinakapereka umboni uja.

Titatuluka, mayi wina wa m'gulu lathu la mapemphero, munthu amene ndimamulemekeza mpaka lero, anandikokera pambali. “Mwana wanga, umboni wako wandigwira mtima. Koma ndamva kuti ukumwabe mapiritsi. Mapanga awiri avumbwitsa.” Mawu amenewo anandikhala m'mutu miyezi.

Koma ndisawasenzetse katundu yense mayiwo, lingakhale bodza. Ine mwini ndinali nditatopa. Kutopa ndi kupempha tsiku kuntchito mwezi ndi mwezi n'kumanama kuti ndikupita kwa dokotala wa mano. Kutopa ndi kubisa kabotolo pansi pa zitenje m'sutikesi alendo akabwera. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zinthu m'mafamase zinakwera ngati china chilichonse, ndipo mwezi umene ndinafunika kugula ndekha ndinayamba kuwerengera kuti ndalama imeneyi ndi mafuta ophikira angati. Mu Disembala ndinangosiya, osauza dokotala, osauza ngakhale bambo akunyumba.

Ndipo palibe chinachitika. Apa ndi pamene mankhwala amenewa amapusitsa. Fluoxetine amachedwa kutuluka m'thupi, amatha masabata angapo akadali m'magazi, ndiye ukasiya sumva kusintha kulikonse msanga. Umati mwaona, ndinkangovutika chabe. Ine ndinakhala miyezi 10 ndili gwa, ndikudzitama chamumtima.

Zinandipeza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi ya mizere ya mafuta ija minibasi zikusowa. Titachoka m'depoti tinaima pa mlatho wa Lilongwe, magalimoto atatsekana osasuntha. Ine ndili mpando wakumbuyo, anthu anayi pamzere, zenera lomangidwa ndi waya. Ndinangomva kuja kumayambira, ngati wina wandithira madzi ozizira pakhosi. Ndinakuwa kuti nditsike. Kondakitala ati, “Mayi, pano si pasiteji.” Ndinawoloka miyendo ya anthu, thumba la makala, mwana wa eni, mpaka ndinapezeka ndakhala pansi m'mbali mwa msewu. Anthu anaunjikana. Wina ati shuga watsika, mugulireni Fanta. Wina ati ndi mizimu imeneyi. Mayi wina wogulitsa tomato sananene kanthu, anangomasula chitenje chake n'kumandikupiza mpaka zinatsika. Amayi inu, kulikonse muli, Mulungu akudalitseni.

Choopsa si tsiku limenelo ayi. Ndi masiku otsatira, pamene umayamba kuopa mantha enieniwo. Ndinasiya minibasi n'kumakwera njinga yamoto kuchokera ku 25 mpaka m'tauni, malipiro kuthera m'njira. M'tchalitchi ndinasamukira benchi yapakhomo. Maliro a azakhali a mnzanga sindinapite, kuopa kudzazana m'nyumba ya siwa. Dziko limangocheperachepera, mpaka umatsala ndi chipinda chogona basi. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali manyazi a umboni uja. Ndikanawauza chiyani anthu amene anaimba nane nthungululu?

Nditabwerera kuchipatala, anesi anatsegula buku langa, anaona deti lomaliza, anandiyang'ana. Ndinakonzeka kukalipiridwa. Iwo anangoti, “Mwachita bwino kubwera, mayi. Khalani apa.”

Tsopano chimene chandilembetsa zonsezi ndi ichi. Ife Amalawi mankhwala tinawazolowera pa Panado ndi LA. Mutu ukapweteka umamwa Panado, theka la ola wasiya. Malungo umamwa LA masiku atatu, tsiku lachiwiri wayamba kale kufuna nsima. Ndiye mankhwala alionse timawayeza ndi muyeso umenewo: akapanda kugwira pa masiku atatu ndiye kuti ndi achabe, kapena sakugwirizana ndi magazi athu. Mankhwala a mantha awa sayenda choncho. Amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti uyambe kuona phindu lake lenileni, ndipo choipa kwambiri, masiku oyambirira amatha kuwonjezera mantha omwewo amene ukufuna kuthawa.

Ulendo uno anandiyambitsa ndi 10mg kwa sabata imodzi ndisanakwere pa 20mg, ati kuti thupi lisadzidzimuke. Ngakhale choncho, tsiku lachitatu mpaka cha m'ma lakhumi ndinaona mbonaona. Mseru m'mawa ngati wapakati. Kuyasamula kosalekeza, mpaka abwana kundifunsa ngati ndikugona mochedwa. Manja kunjenjemera polemba lisiti. Kudzidzimuka 2 koloko usiku mtima uli thithithi, n'kukhala maso mpaka atambala. Kusakhazikika kwina kovuta kukufotokoza, ngati m'thupi muli nyerere. Ndipo poti tonse pano ndife akuluakulu, ndinene: chilakolako cha m'banja nacho chimatsika, ndipo ndi bwino mnzako wa m'nyumba adziwiretu kuti ndi mankhwala, asayambe kuganiza zina.

Ulendo woyamba uja, mu 2021, palibe anandichenjeza zimenezi, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya makapisozi m'chimbudzi. Ndikukhulupirira kuti ambiri amene amati “mankhwala aja anandiwonjezera matenda” anasiyira pa sabata yoyamba imeneyi, pakati pa mtsinje penipeni. Achipatala, ndikudziwa mzere umakhala wautali ndipo inu ndinu ochepa, koma mphindi ziwiri zokha zouza munthu kuti zidzayamba zaipa zisanakome zingapulumutse miyezi yambiri. Ulendo uno dokotala anandiuza zonse, n'kuwonjezera kuti maganizo ofuna kudzipweteka kapena kudzipha akabwera m'masabata oyambawo, makamaka kwa achinyamata osakwana zaka 25, munthu asadikire tsiku limene anamulembera, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Amene muli ndi mwana kapena m'bale amene wangoyamba kumene, khalani naye pafupi masiku amenewo.

Anandipatsanso timapiritsi towerengeka ta diazepam, ta masiku ochepa okha. Amenewa ndiye amagwira ngati Panado, mphindi zingapo thupi lonse phee. N'chifukwa chake ali oopsa. Thupi limawazolowera msanga, umayamba kufuna awiri pamene unkamwa limodzi, ndipo kuwasakaniza ndi mowa n'kusewera ndi moyo. Atatha ndinapempha ena, dokotala anakana, ndinakwiya, lero ndikuwathokoza. Musabwereke kwa aneba, musagule kwa anyamata oyenda ndi mankhwala m'zikwama. Mnzanga wina wa pabenchi paja iye anapatsidwa amitriptyline, womwa usiku, amadandaula kuuma kukamwa ndi tulo tam'mawa. Aliyense ndi zake, n'chifukwa chake kugawana mankhwala amenewa sikuthandiza.

Makapisozi okha sakwanira, ndisakunamizeni. Aphungu anandifotokozera chinthu chimene ndikanakonda kuchidziwa kalekale. Dzanzi lija la m'zala ndi m'milomo, limene ndinkati ndi sitiroko ikubwera, limayamba chifukwa chopuma mothamanga. Ukamapuma mwaphuma umataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa mmene thupi likufunira, ndiye zala zimachita dzanzi, mutu chizungulire, iwe n'kuopa kwambiri, n'kupumanso mothamanga. Mankhwala ake n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene waukokera, ngati ukuuzira phala la mwana. Anandiletsanso khofi ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Ndipo anandipatsa ntchito imene ndinaida: kubwerera mu minibasi. Poyamba siteji imodzi, mpando wapakhomo. Kenako masiteji atatu. Ati ukamathawa malo, ubongo umatsimikiza kuti malowo ndi oopsadi.

Amayi anga atabwera kuchokera ku Mitundu anapeza kabotolo pa tebulo, chifukwa pano sindibisanso. Anakatembenuza, n'kufunsa motsitsa mawu, “Mwanawe, kodi imeneyi si misala?” Ndinati, “Amayi, inu mumamwa a BP m'mawa uliwonse, munapenga?” Anaseka, koma ndinaona kuti sanakhutire. Ndawasiya, adzamvetsa pa nthawi yawo. Usiku womwewo ndinawamva akundipempherera kuchipinda, ndipo ndinakondwa.

Pemphero sindinasiye, ndipo amene akufuna kugwiritsa ntchito uthenga uno ponyoza mapemphero apite kwina. Chimene ndikukana ndi mwambi uja kuuika pamene suyenera. Dziko lino tinaika m'manda anthu amene anauzidwa kuti asiye ma ARV poti achiritsidwa, ndipo tinaphunzira mowawa, moti lero m'busa wanzeru aliyense amati pempherani koma mankhwala musasiye. Nanga zikafika pa matenda a maganizo bwanji tikubwerera m'mbuyo? Komanso maumboni athu ali ndi mtundu umodzi wokha: ndinadwala, ndinapemphera, ndachira. Munthu wonena kuti ndikudwalabe, ndikumwa mankhwala, ndipo ndikutha kugwira ntchito ndi kulera ana, malo ake kutsogolo kuja palibe. Ine ndikanamva umboni wotero ngakhale umodzi, mwina Disembala uja sindikanasiya.

Dokotala wati ulendo uno ndimwe kosachepera chaka, ndipo nthawi yosiya ikadzafika tidzatsitsa limodzi pang'onopang'ono. Mwina zidzabweranso ngakhale nditatsata zonse, anandiuza mosabisa. Ndavomera.

Lero ndi tsiku la 37 chiyambireninso mankhwala. Mseru unatha, tulo tabwerera, kuyasamula kokha ndi kumene kwakanirira. M'mawa uno ndakhala mzere wachitatu, osati wapakhomo. Tikufika pa Area 18 mtima unayamba kuja, zala kuyamba dzanzi. Ndinauzira phala langa, bambo amene ndinakhala naye pafupi akundiyang'ana cham'mbali, koma sindinatsike. Pofika m'tauni kondakitala anafuna kundidyera chenji cha K200, ndipo tinakangana mpaka anandipatsa.